Jezi ya M'galasi

Galasi silidasweke, ndipo chimenecho ndicho chidamuvuta Verlene Tubbs. Pa zaka zonse zimene adakhala wapolisi ku Memphis sadaonepo mbava yaulemu chotere. Munthu ameneyu adamasula masikuluwu limodzilimodzi n'kuwandandalika bwinobwino pashelefu. Adatulutsa jezi pamodzi ndi thabwa limene idakhomedwapo, kenaka n'kubwezera galasi m'malo mwake. Chidatsala n'kusesa basi.

"Onani nokha, mayi, onani," adatero Opal Dukes, wochapa zovala za timu ya mpira wachimereka, wogundana uja, ya koleji ya Calder, manja ali m'chiuno. "Ana amenewa akamatuluka kupita m'bwalo aliyense amagwira galasi ili. Aliyense, ngakhale aja amati Mulungu kulibe. Lolemba lililonse ndimapukutapo zala zawo. Ndiye lero ndipukute chiyani?"

"Mwini jeziyi munkamudziwa?"

"Emmitt Yancey? Ayi, ine ndinabwera atamuika kale. Akuti anagwa pa zokonzekera mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, osadzukanso. Zaka zadutsa makumi awiri ndi zisanu. Mayi ake anapempha jeziyo mpaka mawu kusasa, akuluakulu akungoti ndi katundu wa koleji."

Masiku amenewa Verlene sankathamangitsanso akuba. Ankagwirira ntchito timu ina yaikulu ya kumpoto. Chaka chilichonse mu Epulo matimu aakulu amasankha anyamata omaliza makoleji, mosinthanasinthana, timu ndi timu, ndipo asanatchule dzina la mnyamata amafuna kumudziwa mpaka m'kamwa. Alenje a osewera, anthu otumidwa ndi matimu kukasaka anyamata aluso, amayeza liwiro, dzanja ndi msinkhu. Verlene ankayeza khalidwe, ntchito imene payokha siili yakhalidwe kwenikweni, chifukwa imafuna kufunsa oyandikana nyumba, zibwenzi zakale ndi ochapa zovala.

Mnyamata wa chaka chimenecho ku Calder adali Lavell Mabry, chimphona cha pamzere wakutsogolo chimene chinkatchinga woponya mpira kumbali yakumanzere. Aliyense ankati Lachinayi likudzalo dzina lake lidzakhala pakati pa oyamba kutchulidwa. Koma Lamulungu m'mawa, tawuni yonse ya Harlow Bend ili m'matchalitchi, jezi ya malemu idasowa, ndipo pofika Lachiwiri lino dzina la Lavell linali m'kamwam'kamwa dziko lonse, litaphatikana ndi mawu oti mbava.

"Ndiye inu mukuti ali pakanemayo ndi Lavell?" Verlene adafunsa.

"Ine sindinati Lavell. Ndinati sevente-folo. Ine maina sindichapa, mayi, ndimachapa manambala. Apolisi apakoleji anandifunsa kuti juzi ya 74 ndi yandani, ndinawauza. Ndikananama?" Opal adapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma mwana ameneyo amandinyamulira mabasiketi ndisanapemphe. Kugona sindikugona."

Kanemayo, wojambulidwa ndi kamera yachitetezo ya pamalopo, Verlene adali naye pafoni, wakuda ndi woyera, wosaoneka bwino. Chimunthu chachikulu chovala juzi yachipewa, ya mtundu umene timuyo yakhala ikuvala chiyambire, nambala 74 kumsana. Nkhope osaoneka. Chidamasula galasi mosafulumira, chidanyamula thabwa ndi manja awiri, ndipo poti manja onse adali otanganidwa, chidatuluka chambuyo, kukankha chitseko ndi msana.

* * *

Adamupeza Lavell kwa mayi ake, akukhoma sefa yotchinga udzudzu pakhonde. Hamala inkaoneka ngati supuni m'dzanja lake. M'nyumba munkamveka wailesi ya nyimbo zauzimu, yotsitsidwa kwambiri.

"Amayi sakuonana ndi anthu," mnyamatayo adatero asanapatsidwe n'komwe moni. "Dzulo a kwaya anawauza kuti apume kaye. Pepani, mayi, khalani apa. Ndikupatseni tiyi wozizira?"

"Usavutike, mwana wanga. Lamulungu m'mawa unali kuti?"

"Ndinali ndekha."

"Anakuona ndani uli wekhayo?"

"Palibe, mayi."

"Nanga juzi yako?"

"Ili m'nyumbamu. Apolisi aiona kale. Akuti ndikaonekere mawa m'mawa."

Ankayankha mofatsa, maso ali pa misomali. Verlene adamumvera chisoni, ndipo adadzikwiyira chifukwa chomumvera chisonicho, poti pa ntchito yake chisoni ndicho chimasokeretsa munthu. Adatulutsa foni.

"Kanemayu wamuonapo?"

"Ayi. Maloya anati ndisamuone."

"Ine si loya. Tenga."

Lavell adaonera ali chilili, nkhope ili phee, mpaka pamene chimunthu chija chidayamba kutuluka chambuyo. Adabwezera pang'ono n'kuoneranso pomwepo. Kenaka adapereka foni ija ngati yamutentha, n'kukhala pa sitepe, thabwa kulira.

"Kalembeni kuti ndine," adatero.

"Wati chiyani?"

"Ndine ndinatenga. Mawa ndikawauza apolisi."

"Ukudziwa chimene ukutaya? Lachinayi dzina lako lidzangodutsidwa ngati nyumba yamaliro. Ndipo mpirawo ukadzatha, dzina loti mbava lidzatsala. Mayi akowa adzafa nalo."

"Ndikudziwa, mayi."

"Chabwino. Masikuluwu a galasi lija unawataya kuti?"

Mnyamatayo adaphethira. "Ndinawaponya m'bini yapanja."

Verlene adaimirira n'kukonza siketi yake. Abodza adakumana nawo ambiri, koma wabodza wosadziwa kunama ngati uyu adali woyamba, ndipo bodza lakelo linali lodzipachika nalo yekha. Lavell sadabe jezi ija. Koma adali atangomuzindikira amene adaba.

* * *

Adaimika galimoto pansi pa mtengo kuseri kwa bwalo n'kutsegula kompyuta. Kodi mnyamatayo waona chiyani pachitseko paja chimene iye, wapolisi wakale, sakuchiona?

Adakumbukira Hollis Rudd, mlenje wamkulu wa timu yake, nkhalamba imene yatha matayala osawerengeka m'misewu ya kummwera kusaka osewera. Chaka choyamba cha Verlene pantchitoyi, Hollis adamukhazika pansi kuonera makanema a mpira. "Inu apolisi mumathamangira nkhope," ankatero. "Nkhope imanama. Mpira nawonso musauyang'ane, umenewo ndi wa anthu olipira pageti. Yang'anani mapazi."

Adaika makanema awiri moyandikana. Kumanzere Lavell ali m'bwalo, mpira ukangoyamba akubwerera chambuyo kuti atchinge mdani. Mwendo wamanzere ndiwo unkayamba, nthawi iliyonse, sewero ndi sewero. Munthu wotchinga kumanzere amaphunzitsidwa choncho kuyambira ali mwana mpaka thupi limachita lokha, kaya akutuluka m'bafa kaya akupatuka galimoto. Kumanja chimunthu chija pachitseko. Chidatsitsa chiuno, msana uli chilili, n'kuponya chambuyo mwendo wamanja. Wamanzere udatsatira mokoka, bondo losapindika bwino.

Verlene adaseka yekha m'galimotomo, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba tsikulo. Adaganiza zoti Hollis akaona zimenezi akamugulira chakudya chamasana.

* * *

Nkhani ya Lavell itamveka, alenje a matimu osiyanasiyana adathamangira ku Harlow Bend, ndipo alenje akakhala m'tawuni imodzi amadyera malo amodzi, kuti aliyense aziona amene mnzake akulankhula naye. Verlene adawapeza pa lesitilanti yapafupi ndi njanji, atazungulira tebulo lalitali, mbale za mlamba wokazinga zili mbwee.

"Eee, boma lafika!" adafuula Hollis. "Bisani mafoloko, anyamata. Khalani, a Tubbs, khalani. Mwamuona wakuba wathu?"

"Ndamuona."

"Zachisoni. Thupi ngati limenelo, mtima wa khoswe. Ine ndawauza kale anzangawa kuti kwathu tamufufuta."

"Nafenso," adatero wina wandevu zaimvi, wa timu ya kugombe la kumadzulo. "Abwana athu safuna zoterezi."

Enawo adagwedeza mitu mwachisoni, akutafuna.

Verlene adakankha mbale n'kuika kompyuta pakati pa tebulo. "Ndiye musanamufufute, onerani kaye ichi. A Hollis, munandiphunzitsa ndinu. Yang'anani mapazi."

Kanema adayenda. Chimunthu chidatuluka chambuyo. Verlene adadikira kuti wina adumphe, wina atukwane, wina athamangire panja ndi foni kukhutu. Palibe adatero. Amuna amene moyo wawo wonse ndi kuonera makanema, amene angaonere ngakhale ana akusewera kuseri kwa sitolo, onse adali atathyolera makosi m'mbale. Wandevu uja ankachotsa minga ya nsomba mosamala kwambiri.

"Mwaona?" Verlene adafunsa, mawu atayamba kuzizira.

"Mwendo wamanja," wandevuyo adayankha osadzutsa mutu. "Bondo lamanzere lakufa. Tonse tinaona Lolemba, mayi."

Hollis adamugwira pamkono n'kupita naye panja, pafupi ndi makina a madzi oundana.

"Musandiyang'ane choncho, a Tubbs. Uno ndi mwezi wa bodza, mukudziwa inu. Timu yathu inachita bwino chaka chatha, ndiye tikusankha kumapeto. Mnyamata ngati ameneyu sangatifike, pokhapokha enawa atamuopa. Ndiye ndimawauza kuti ndi mbava. Iwonso akundiuza ine kuti ndi mbava, aliyense akupemphera kuti mnzake akhulupirire. Chaka chatha tinkati wina ali ndi phewa lowola, phewa lili bwinobwino. Ndi mmene timagwirira ntchito."

"Phewa silichotsetsa mayi wa munthu mu kwaya."

"Pofika Lachisanu zonse zidzakhala zaiwalika! Tikamutenga, tidzatulutsa tokha kanemayu, tidzamutsuka ayere. Adzakhala pa timu yabwino, sadzasowa kanthu. Ndikumuchitira zabwino mwana ameneyu, ndimamukonda kuposa onse amene ndawaona zaka khumi zapitazi."

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhalambayo inkanena zoona. Inkamukondadi, mmene munthu amakondera ng'ombe yamnzake pamsika, n'kumaitchula zilema kuti mtengo utsike.

"Mawa m'mawa akukavomera mlandu kupolisi," adatero Verlene. "Akasaina, kanema wanuyo adzatsuka chiyani?"

Hollis adadzidzimuka. "Akukavomera? Wapenga?"

"Wamuzindikira munthuyo, ngati mmene munamuzindikirira inu. Ndani?"

"A Tubbs, dikirani Lachinayi lidutse. Ntchito yanu ndi yathu ndi imodzi. Abwana akamva kuti mwaulula ndinu..."

"Madala, ndakufunsani dzina."

Hollis adayang'ana kunjanji. Mwadzidzidzi adaoneka wokalamba kwambiri.

"Ndinamuyeza ndekha ali mnyamata," adatero. "Ankatchinga kumanja. Akanapita kutali pakanapanda bondo. Ankavala 74 Lavell asanabadwe, ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi Emmitt Yancey. Ndi Dewitt Sayles, kochi wa anyamata a pamzere. Ndi iye anakamutola Lavell kusekondale, ndi iye anamuphunzitsa kuponya mwendo."

* * *

Kubwalo adati Kochi Sayles sadabwere sabata imeneyo. Verlene sadafunse zambiri. Adafunsa njira ya kwa Mayi Yancey.

Inali kanyumba kamatabwa kumapeto kwa msewu wafumbi, maluwa pakhomo atayamba kufota posowa wothirira. Pakhonde padakhala bambo wamkulu thupi, wadazi, mwendo wamanzere atautambasula. Ataona galimoto sadadabwe. Adayesa kuimirira mwaulemu, bondo n'kumukaniza.

"Ndinu a timu ya a Hollis," adatero motsitsa mawu. "Chonde tilankhule pang'onopang'ono. Amayi akugona."

Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula. Verlene adaona bedi lachipatala, botolo la mpweya pambali, ndi gogo wochepa ngati mwana. Pachifuwa pake padayalidwa jezi yofiira, nambala 22, manja ake owonda ataigwira m'mphepete.

"Adokotala akuti ndi nkhani ya masiku," Dewitt adanong'ona. "Sabata yatha anandigwira dzanja, akuti Dewitt, ndipite osagwirako malaya a mwana wanga? Ndinapita kwa akuluakulu, akuti tikambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa. Mwezi wamawa! Ndiye ndinakatenga."

"Mutavala juzi ya 74."

Bamboyo adaphimba nkhope ndi chikhatho. "Ndi yanga. Yakalekale, ndimaisunga m'sutikesi. Ndinkati ndikamutenge Emmitt nditavala mmene ankandidziwira. Mukhulupirire musakhulupirire, mayi, m'mutu mwanga 74 ndi ine. Ndaphunzitsa mwana uja zaka zinayi atavala nambala imeneyo pamaso panga, koma tsiku limenelo sizinandibwerere n'komwe."

Verlene adamukhulupirira. Anthu a mpira ndi otero. Amapatsidwa nambala ali anyamata, n'kuiwala kuti adangobwerekedwa.

"Nanga Lolemba, nkhani itatuluka?"

"Ndinafuna kukanena. A Hollis anandiimbira, akuti khala chete, alenje tonse tikudziwa kuti si iye, mwanayo sataya kanthu. Ndiye ndinati amayi akangopuma ndidzabweza jeziyo, ndidzanene zonse, andichotse ntchito ngati akufuna. Ndikanena lero, abwera kudzaichotsa pachifuwa pawo akadali moyo. Ndingoti masiku ochepa, mayi. Masiku ochepa okha."

"Masikuwo kulibe, a Kochi. Lavell waona kanema uja lero. Mwendo wanu waudziwa. Mawa m'mawa akukauza apolisi kuti anaba ndi iye."

Misozi ya Dewitt idangoyamba kutsika, iye osaipukuta. Verlene adayang'ana kumbali. Akadatha kupita yekha kupolisi ndi kompyuta yake, ndipo ankadziwa kuti akapanda kuchitira mwina apitadi, ntchito ithe ngati ikutha. Koma ankadziwanso kuti akatero apolisi adzabwera pakhomo pano ndi mapepala awo kudzavula gogo wodwala, ndipo iye ndiye adzakhale atawalozera njira. Pa milandu yonse imene adaigwirapo, sadafunepo kuthawa ngati tsiku limeneli.

"Dewitt."

Mawuwo adachokera kuchipinda, aang'ono koma omveka. Onse awiri adalowa. Mayi Yancey adali maso, ndipo zinkaoneka kuti adali maso kwa nthawi ndithu.

"Unandiuza kuti akupatsa," gogoyo adatero.

"Ndinanama, amayi."

"Unali wabodza kuyambira kale. Unkadya nyama m'poto mwanga n'kumanamizira galu." Adapuma, botolo lija likulira. "Mwana akunamiziridwayo ndi wa ndani?"

"Wa Corliss Mabry. Woimba uja."

"Ndikumudziwa. Anaimba bwino pa maliro a mchemwali wanga." Zala zake zidayenda pa nambala ija pang'onopang'ono, kutsata mzere wa ulusi. Kenaka adakweza manja onse awiri n'kuisiya. "Chotsa."

"Amayi, ayi. Ndikanena ndekha, koma jeziyi ikhale. Ndikawagwadira akuluakuluwo."

"Ndati chotsa. Ndainunkhiza usiku ndi usana, Emmitt mulibemo. Mwangotsala fungo la sopo wa eni ake." Adatembenuza mutu n'kumuyang'ana. "Iwe ntchito yako inali kutchinga mwana wanga, ndipo unamutchinga mpaka pamene unathera. Kumene aliko palibenso chomugunda. Pita ukatchinge wa mnzanga."

Dewitt adawerama n'kuinyamula jeziyo ndi manja awiri, osaipinda, ngati mmene adaichotsera m'galasi. Gogoyo adatseka maso, manja ake atagona pa bulangeti pamene padali nambala paja.

"Ndikuperekezani," adatero Verlene. "Tidzera kwa a Mabry kaye. Mayi ake amve kuchokera pakamwa panu asanamve pawailesi."

Foni yake idayamba kulira m'chikwama. Adaona dzina la Hollis, n'kuibwezera momwemo ikulirabe.

Dewitt sadafune kufulatira bedi lija. Adafika pachitseko manja onse ali otanganidwa, adatsitsa chiuno, n'kutuluka chambuyo. Mwendo wamanja ndiwo udayamba.